Kukwera Sapitwa: phiri limene limadziphikira nyengo yake

Munthu ukaima pa Chitakale m'mawa wa mu Julayi, dzuwa litangotuluka, phiri la Mulanje limaoneka pafupi moti ungaganize kuti upita ndi kubwerako nsima isanapse. Mathanthwe amanyezimira, mathithi amalendewera ngati ulusi woyera, kumwamba kuli mbee. Pofika masana a tsiku lomwelo phiri lonse likhoza kusowa, kusoweratu, ngati wina walinyamula. Amene ali pansi amangovala juzi n'kupitiriza malonda awo a nanazi. Koma ngati pali munthu amene nthawi imeneyo ali pakati pa miyala ya ku Sapitwa, ameneyo zake zavuta, ngakhale iye mwini sanadziwebe.

Funso limene ofuna kukwera phirili amayamba kufunsa ndi lakuti mwezi wabwino ndi uti. Yankho limene aliyense amapereka ndi lakuti kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula itatha. Yankholi si labodza, koma ndi loperewera, ndipo kuperewera kwakeko kwaphetsa anthu. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe taliona bwino phirilo.

Mulanje si phiri limodzi losongoka monga mmene mwana amajambulira phiri m'kope. Ndi chimtunda chachikulu cha mwala, pafupifupi makilomita 22 uku ndi 26 uku, chimene chinangodzuka pakati pa chigwa, makilomita ngati 65 kum'mawa kwa Blantyre. Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi pa dziko n'kuumira mkati usanatulukire kunja. Kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola nthaka ndi miyala yofewa yozungulira, wouma uja n'kutsala chilili. N'chifukwa chake m'mbali mwake muli zipupa zoongoka chonchija. Ukakwera zipupazo umafika pa zidikha zaudzu, pa mamita 1,800 mpaka 2,200, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani. Pamwamba pa zidikhazo m'pamene pamayambira nsonga zenizeni, pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500. Yaitali pa zonse, ndiponso m'Malawi monse, ndi Sapitwa, mamita 3,002.

Nambala imeneyi ili ndi tanthauzo pa thupi la munthu. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse amene wakwera. Boma la Mulanje lili pa mamita pafupifupi 700. Ndiye kuti pakati pa pamene wagulira mabanzi ndi pamene ukufuna kukajambulitsa chithunzi pali kusiyana kwa madigiri ngati 15, usanawerengere mphepo. Tsiku limene pa Chitakale anthu akuyenda ndi malaya okha, madigiri 22, pansonga pali 7. Usiku wa mu Juni ndi Julayi udzu wa pa zidikha umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo madzi otsala m'ndowa panja amatha kuchita kachikhungu kouma pamwamba. Ife a kuno timadziwa kuzizira kwa ku Dedza kapena ku Bvumbwe, kuja kothawira m'nyumba n'kukoleza mbaula. Kuzizira kopanda kothawira sitinakuzolowere.

Ambiri amayambira ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndiponso kumene amapezako magaidi ndi onyamula katundu. Kuchokera kumeneko pali njira ya Skyline, yaifupi koma yothyola mawondo, ndi ya Chapaluka, yodzera m'mbali mwa mtsinje pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Ena amadzera mbali ya Phalombe, ku Fort Lister, pa mpata umene umalekanitsa Mulanje ndi phiri la Michesi. Pamwambapo pali nyumba zogonamo zomwazikana, zambiri zamatabwa, iliyonse ili ndi mlonda wake ndi malo osonkhapo moto: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu. Wopita ku Sapitwa amagona ku Chisepo, pa mamita pafupifupi 2,200, m'tsinde mwa nsongayo. Kufika kumeneko kuchokera ku Likhubula ndi ulendo wa tsiku lathunthu kwa munthu wamiyendo yabwino, ndipo ambiri amaugawa pawiri, n'kugona kaye ku Chambe.

Kuchokera ku Chisepo m'pamene nkhani imasintha. Njira yadothi imatha msanga. Chotsatira ndi mathanthwe osalala, otsetsereka, amene umakwera chokwawa, zikhatho zili pamwala. Ukatha amenewo umalowa m'chipwirikiti cha miyala ikuluikulu ngati nyumba, younjikana, ina yosiya timipata toti udutse chogwada, chikwama utachikankhira kutsogolo. Pakati pa miyalayo pali maenje akuya obisika ndi zitsamba. Chokutsogolera ndi timadontho ta penti yofiira topakidwa pamiyala, apa kamodzi, uko kena. Ukaima pa kadontho kena umayang'ana kotsatira, n'kupita. Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi, kutsika chimodzimodzi, mwinanso kuposa, chifukwa thanthwe limene unalikwera mosavuta limaoneka lina ukamaliyang'ana chotsika.

Sungani mfundo ya timadontho tija. Ulendo wonse wa ku Sapitwa watsamira pa maso: kuona kadontho kotsatira. Chilichonse chimene chingakuchotsere maso chakuchotsera njira.

Apa m'pamene chiperoni amalowera. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kum'mwera kwa Mulanje. Akale ankaona mitambo ikuunjikana pa phiri limenelo n'kudziwa kuti posachedwa kuno kuda. Chimene chimachitika n'chakuti m'miyezi yozizira mphepo ya mwera imawomba kuchokera ku nyanja ya mchere ya India, itasenza chinyezi. Imadutsa chigwa cha Mozambique popanda choitchinga, mpaka kudzagunda khoma la Mulanje. Poti singaboole mwala, imakwera. Ikamakwera imazizira, ndipo mpweya wozizira sutha kusunga chinyezi chochuluka, choncho chinyezicho chimasanduka nkhungu ndi mvula yamawawa. Ndi mmene zimachitikira pa chivundikiro cha poto, kungoti apa chivundikirocho ndi phiri.

Mvula ya chiperoni siochititsa mantha poiona. Ilibe mabingu, ilibe mphenzi, sigunda pamalata. Imangonyowetsa pang'onopang'ono, tsiku lonse, mawa lakenso, nthawi zina mpaka sabata. Kwa alimi a tiyi ndi dalitso lenileni. Minda ya tiyi ya ku Mulanje, imene inayamba m'ma 1890, inakhazikika kum'mwera kwa phirili chifukwa mbali imeneyo imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, ndipo chiperoni amathirira tiyiyo m'miyezi imene kwina konse kuli gwaa. Mbali ya Phalombe, kuseri, imalandira mphepo itakamulidwa kale, n'chifukwa chake kumakhala kouma. Phiri limodzi, nyengo ziwiri, ndipo ukayenda pa msewu wozungulira phirili umaona ndi maso pamene kubiriwira kukuthera.

Kwa wokwera phiri, chiperoni amabweretsa zinthu zitatu pakamodzi, ndipo kuipa kwake kuli m'kubwerera pamodziko. Nkhungu imatseka maso moti mnzako ali mapazi khumi patsogolo umangomumva mawu. Timadontho tofiira timasowa. Mathanthwe amene anali ogwira bwino nsapato amasanduka sopo, makamaka pamene pali ndere. Ndiye zovala zimanyowa, mphepo ikuwomba. Munthu wouma akhoza kupirira madigiri 5 usiku wonse ali wodandaula chabe. Munthu wonyowa, pa madigiri omwewo ndi mphepo, thupi limataya kutentha mofulumira kuposa mmene lingakupangire. Kutentha kwa m'thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, munthu amayamba kunjenjemera kosaleka, zala zimakanika kumanga chingwe cha nsapato, lilime limalemera ngati waledzera. Choopsa kwambiri n'chakuti nzeru ndizo zimayamba kuchoka. Munthu amasankha zopusa ali wotsimikiza kuti akuganiza bwino: kusiya mnzake, kudula njira yachidule, kukhala pansi kuti apume pang'ono. Kunjenjemera kukaleka iye asanafunde, ndiye kuti zafika poipa.

Tsono taonani miyezi yake. Chiperoni amakonda Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti, miyezi yomweyo imene timauzana kuti ndi yabwino kukwera. Ndipo ndi yabwinodi. Masiku opanda chiperoni m'miyezi imeneyi ndi okoma kuposa ena onse pachaka: kumwamba koyera, mitsinje ili ndi madzi koma yowolokeka, ukaima pansonga umaona nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba ndi mapiri a ku Mozambique. M'mawa mitambo imagona pansi m'chigwa, nsonga zokha zili pamwamba ngati zilumba, mpake azungu analitcha chilumba cha mumlengalenga. Kukoma kumeneku ndiko kumanyenga. M'dzinja munthu amanyamuka akudziwa kuti kuli mvula. Mu Julayi amanyamuka ndi kabudula.

Mu Sepitembala 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands, amene ankagwira ntchito mongodzipereka ku Mulanje, anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanabwerere. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira zachuma amene anali atayenda maiko ambiri, anasiya gaidi wake m'munsi n'kupitiriza yekha, atavala zopepuka, pofuna kukwera ndi kutsika tsiku limodzi. Nyengo inasintha. Anthu anamufunafuna kwa masabata oposa awiri, ndipo thupi lake linapezeka kumayambiriro kwa Ogasiti. Chinamupha ndi kuzizira. Kalekale, mu 1949, mzungu wina wogwira ntchito za nkhalango, Fred France, anakokoloka ndi madzi akuwoloka mtsinje wosefukira kumtunda kwa chigwa cha Ruo, iyenso si m'dzinja ayi, koma mvula ya nyengo yozizira itagwa masiku otsatizana. Kanyumba kena ka pa Chambe kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Nkhani zotere zikachitika, m'midzi yozungulira phirili anthu sadabwa. Dzina lenilenilo likunena kale: Sapitwa, kosapitidwa. Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao a m'derali amati m'phirimo muli mizimu ya makolo, ndipo ili ndi malamulo ake. Ukapeza chakudya chokonzedwa kale panjira, nthochi zakupsa kapena nsima yofunda, idya wekha, osaitana mnzako, osanyamula china kupita nacho kumudzi. Usaloze chala mwachipongwe, usachite phokoso lopanda pake, usanyoze. Wonyoza amasochera. Pa Dziwe la Nkhalamba anthu ankapereka nsembe popempha mvula. Chikhalidwe chimenechi ndi chimodzi mwa zimene bungwe la UNESCO linayang'ana pamene linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025.

Ine sindili m'gulu la amene amaseka zimenezi. Kaya munthu umakhulupirira mizimu kapena ayi, tayang'ana chimene malamulowo amamuchititsa munthu: amalowa m'phiri modzichepetsa, sapita yekha, amamvera amene akulidziwa, ndipo amabwerera akauzidwa kuti lero ayi. Wa zanyengo ndi gogo wa ku Likhubula akusiyana pa chifukwa, koma malangizo awo ndi amodzi. Chimene chimandinyansa ndi mlendo, kaya wakunja kaya wa ku Namiwawa, amene amaona gaidi ngati wonyamula chikwama chabe, n'kumakangana naye za mitambo. Munthu amene wakwera phirili kambirimbiri amaona zimene foni yako singakuuze: mmene mphepo yatembenukira usiku, kamtambo kamene kakhala pa mpata wakum'mwera, kuzizira kwina kumene kwalowa m'mawa. Zolosera zanyengo za pa wailesi ndi zothandiza, ndipo akalengeza kuti kubwera chiperoni m'chigawo cha kum'mwera, khulupirira. Koma akapanda kulengeza sindiye kuti Sapitwa wavomera.

Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, lili ndi mavuto ake odziwikiratu. Phiri limakhala lokongola mochititsa kaso, mathithi ali ponseponse, maluwa a m'tchire ataphuka pa zidikha. M'mawa kumatha kucha bwino, koma chakumasana mitambo imaunjikana n'kugwetsa chimvula cha mabingu, ndipo pansonga yamwala munthu woimirira ndiye chinthu chachitali chimene mphenzi ingapeze. Vuto lalikulu ndi mitsinje. Popeza phirili ndi mwala, madzi salowa pansi kwenikweni, amathamanga pamwamba. Kamtsinje kamene m'mawa unakadumpha osavula nsapato, madzulo kamakhala kakubangula, kakugubuduza miyala. Mvulayo ikhoza kugwa kumtunda iwe osaiona, madzi okha n'kukupeza. Ubwino wake ndi wakuti amaphwanso msanga, ndiye wanzeru amakhala pansi n'kudikira, ngakhale zitanthauze kugona ndi njala kutsidya.

Mvula ikapitirira muyeso, phiri lenilenilo limagumuka. Pa 10 Malichi 1991 madzi osakanikirana ndi matope, mitengo ndi miyala anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ya ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Anthu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimang'amba nthaka, monga anachitira ku Zomba mu 1946. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'dziko muno. Zipsera zake zikuonekabe m'mbali mwa phiri, mizere yoyera yotsika kuchokera pamwamba, ndipo njira zina zinasintha. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, mukamva kuti m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar mwabadwa namondwe, za phiri iwalani.

Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi imene mwala umakhala wouma kwambiri, ndipo ngati cholinga chanu ndi kungofika pansonga, mwayi wanu ndi waukulu nthawi imeneyi. Mtengo wake ndi kutentha pokwera zipupa zam'munsi, timitsinje tina touma, ndi utsi. Moto wolusa umayaka pa zidikha, wambiri woyatsidwa ndi osaka nyama, ndipo chifunga cha utsi ndi fumbi chimaphimba chigwa chonse, moti ukafika pamwamba umangoona mbuu. Chizimalupsa akagwa chakumapeto kwa Okutobala kumayera kwa masiku angapo, koma amabwera ndi mabingu.

Moto umenewu ukundikumbutsa za mkungudza, ngakhale ndikudziwa kuti ndikupatuka. Mtengo umenewu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha padziko lonse, unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Nkhalango ya Mulanje inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1927 mwa zina pofuna kuuteteza. Lero wokwera phiri amaona zitsa. Macheka a anthu odula mozemba ndi moto zinautha, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yosakwana khumi. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza sukula mothamanga. Izi zikukhudza nyengo mwachindunji: masamba a mitengo amakola nkhungu ya chiperoni n'kuidonthezera pansi, mizu n'kusunga madziwo. Mitsinje ya Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo imachokera m'menemo, ndipo ena mwa madzi amene amatuluka m'mipopi ya ku Blantyre masiku ano amachokera ku Likhubula.

Nanga munthu atani? Choyamba ndi kuika tsiku lapadera pa ulendo, tsiku lopanda ntchito, loti ngati kwacha ndi nkhungu ukhale ku Chisepo n'kumaotha moto osadandaula za basi ya mawa. Anthu ambiri amene amakakamira kukwera nyengo itaipa amatero chifukwa Lolemba akufunika ku ntchito. Chachiwiri ndi kulawira. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti faifi, ndipo mdima wa m'miyala umayamba msanga kuposa pamenepo. Wonyamuka kukungocha amakhala atabwerera chakumasana. Gwirizanani nthawi yobwerera musananyamuke, ndipo ikakwana tembenukani, ngakhale nsonga ikuoneka apo.

M'chikwama musasowe jekete losalowa madzi, juzi yaubweya kapena ya fleece yokulungidwa m'pepala la pulasitiki, chipewa chofunda, tochi, machesi ndi chakudya chopitirira cha tsikulo, monga mtedza, mbatata yophika ndi shuga. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa siziuma ndipo zimayamwa kutentha kwa thupi, zisiyeni m'nyumba. Ku kaunjika zovala zoyenera zimapezeka pa mtengo wabwino ukadziwa chimene ukufuna. Kachasu kapena burande sizitenthetsa munthu: zimatsegula mitsempha ya pakhungu, iwe n'kumamva kufunda pamene kutentha kwenikweni kukuthawa. Ndipo nkhungu ikakutsekerani mutataya timadontho, musayendeyende pofuna njira, pakuti maenje aja ali pomwepo. Pezani phanga kapena kuseri kwa mwala, valani zonse, khumbatiranani, dikirani.

Wina adzati, nanga anyamata a mpikisano wa Porters Race aja bwanji? N'zoona, chaka ndi chaka m'nyengo yozizira yomweyi amathamanga kuchokera ku Likhubula, kukwera mpaka Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, makilomita oposa 20, opambana asanakwanitse maola atatu, ena ali ndi nsapato zoti iwe sungapite nazo ngakhale kumsika. Koma amenewo anakulira m'njira zimenezo atasenza katundu pamutu, amathamanga pa zidikha pamene pali njira yooneka, ndipo m'njira monse muli anthu. Ku Sapitwa mpikisanowo sufikako. Ndipo anyamata omwewo, ukawalemba ntchito yokuperekeza, ndi amene m'mawa ku Chisepo amatuluka panja, n'kuyang'ana kum'mwera kanthawi, n'kubwerera kudzakuuza kuti, "Bwana, lero tiyeni tingomwa tiyi."